Makutu a Njovu ndi Una wa Njiri

Takhalani pansi! Inu a kukhomoko, lekani kutafuna nzimbe. Ndipo inu olembanu, lembani momwe ndikunenera, musandikonzere mawu. Kusukulu sindinapondeko ine, koma mutu uwu sunabowoke. Muli nane?

Kalekale, nyama zikuyankhula, kunagwa chaka cha dzuwa. Dzuwa lake! Mitengo inayoyoka, mithunzi inatha. Mphepo inatsala pamodzi pokha, m'makutu a Njovu.

Ndiye panali Mfuko, mayi wodziwa kukumba. Mfuko anakumba njira pansi, kuchokera pomwe ankaima Njovu kukafika m'nyumba ya aliyense. Njovu akakupiza makutu, kupi kupi, mphepo inkalowa m'njiramo, nyumba zonse n'kuzizira.

Koma Njovu anali wokalamba. M'mawa ankakupiza bwino. Dzuwa likafika paliwombo, aliyense ankatsegula una wake wolowera mphepo nthawi imodzi, aliyense akukuwa, "Mphepo! Mphepo!" Njovu n'kumakupiza, miyendo ikunjenjemera.

"Agogo, mwatopa," anatero Mfuko.

"Mdzukulu wanga, ndikagwa ine sindidzukanso. Ndikagwa, mwapsa nonse."

Mfuko mtima unamuwawa, poti njirazo anakumba ndi iye.

Tsiku lina una wa Chiswe unatsekeka ndi dothi. Mfuko anathamanga, akuti ndikapeza maliro. Kulowa m'chulumo, zii, kuzizira.

"Achemwali, muli moyo? Mphepo mwaitenga kuti?"

"Ndi ya m'mawa ija," anatero Chiswe. "Makoma anga anamwa, tsopano akundibwezera."

Mfuko anangoti kukamwa yasa. Basi anayamba kuyenda nyumba ndi nyumba.

Anayamba ndi Chiswe yemweyo. "Achemwali, muzitenga mphepo m'mawa. Masana muzimata una. Ya masana tisiyire a Mpheta, zisa zawo n'zaudzu, sizisunga kanthu."

"Ndamva," anatero Chiswe.

Anapita kwa Nungu. "Amalume, muzitenga mphepo m'mawa. Masana muzimata una."

"Iwe, ndi minga yonseyi ndizikagwira matope?"

"Ndizikumatirani ndine."

"Chabwino, koma usandipake kumsana."

Anapita kwa Njiri, mlamu wake. Nthawi imeneyo Njiri anali ndi ubweya wambiri, wonyezimira. "Alamu, muzitenga mphepo m'mawa. Masana muzimata una."

Njiri anaseka. "M'mawa ine ndimakafukula mizu. Ndizikhala pakhomo kudikira mphepo ngati nkhuku yofungatira?"

"Agogo akutha, alamu."

"Akutha? Makutu onsewo ngati malichero? Wakhungu iwe, bwerera kudothi."

Ndipo Njiri, m'malo momata, anakuza una wake ndi mano. Anaukuza, anaukuza, mpaka mphepo yochuluka inkathera kwa iye yekha.

Tsiku loyamba, Njovu anadzandira. Mfuko anapita kukapempha. Njiri anati, "Mawa."

Tsiku lachiwiri, khutu limodzi la Njovu linalefuka. Mfuko anapita kukapempha. Njiri anati, "Wandisokosa."

Tsiku lachitatu, dzuwa lili paliwombo, Njovu anagwada bondo limodzi. Chitamba chili pansi. Ku zisa, ana a Mpheta anali atasiya kulira.

Mfuko sanapitenso kukapempha. Analowa pansi, misozi ikutsika, poti Njiri anali mwamuna wa mng'ono wake. Anafika pamphambano, pomwe njira ya Njiri inkapatukira. Anakankha dothi. Anakankha, anakankha, mpaka njira ija inatsekeka ndithu.

Kumtunda Njovu anamva makutu kupepuka. Anapuma. Anadzutsa bondo lija. Kupi... kupi... kupi. Ana a Mpheta anayambanso kulira.

Kwa Chiswe kunali zii. Kwa Nungu kunali zii. Koma kwa Njiri? Makoma sanamwe kanthu, poti m'mawa khomo linkakhala pululu, mphepo n'kumangotulukira kunja, mwini wake ali kumizu. Nyumba inasanduka ng'anjo. Mkazi wa Njiri ndi ana, Mfuko anawatulutsira pansi kupita kwa Nungu. Njiri anakana kutuluka, akuti mphepo yanga ibwera. Anakhala, anakhala, mpaka ubweya wonse unathothoka.

Madzulo anatuluka akukwawa ndi maondo mpaka pamapazi a Njovu.

"Agogo, ndalakwa."

Njovu anati, "Usagwadire ine. Gwadira dothi limene unakana kumata."

N'chifukwa chake mpaka lero Njiri alibe ubweya, ndipo akamadya amagwada.

Mwamva? Chinthu cha tonse sitikoka nthawi imodzi. Amene nyumba yake imatha kusunga, atenge msanga, asiyire amene sangasunge. Ngakhale magetsi anu a m'tauniwa, mukayatsa nonse nthawi imodzi, si paja amathima? Mumayesa kulibe Njovu kumene akuchokerako? Ndiye inu a nyumba zikuluzikulu, zija zozizira m'kati ngati mtsuko...

Eee? Ndani akuitanayo? NaPhiri? Mbuzi zalowa m'dimba? Mayo, tomato wanga! Ndipatseni ndodoyo. Nthano yafika pamchira, olemba ikani cholembera pansi.