Bulangete la Achemwali ndi Mtsinje Woundana

Mwambi uliwonse uli ndi kwawo, ana inu, monga mmene munthu aliyense alili ndi kwawo. Wina udabadwira ku dimba, wina pa mlandu, wina m'njira. Umene mumve lerowu ndi wakale ndithu, koma ku Bembeke kuli banja lina limene limati kwa ilo udabadwira kutali, kutsidya kwa nyanja zamchere, pa ulendo wa masiku asanu ndi awiri.

M'banjamo mudali a Nangozo ndi amuna awo, aphunzitsi a Chimkwita. Aphunzitsiwo adagwira choko zaka makumi atatu ndi zisanu, ndipo phunziro la pamtima pawo lidali la maiko ndi mapu. Ankajambula pa bolodi mapiri a kumpoto kwa dziko lapansi, n'kumauza ana za mtsinje umene madzi ake ndi oundana, woyenda pang'onopang'ono kuposa nkhono. Ana akafunsa kuti, "Aphunzitsi, inuyo mudauona?" iwo ankaseka n'kuyankha kuti, "Ndidauona m'buku lomweli."

Atapuma pa ntchito, maso awo adayamba kuchita chifunga. Adokotala sadawabisire: nthendayo ankatha kuichedwetsa, koma osati kuibweza. Mwana wawo Mwatitha, yemwe adali namwino ku Mangalande, atamva zimenezi adadzimana kwa zaka ziwiri, kenaka adaitanitsa makolo ake n'kuwagulira malo m'sitima yaikulu yoyendetsa alendo m'madoko a ku Norway, kuti bambo ake akaone mtsinje wawo uja maso asadatsekeke.

Asadanyamuke, a Nangozo adakatsanzika kwa achemwali awo aakulu, a Esinati. Amenewa ndiwo adawalera mayi awo atamwalira, mpaka kusiya sukulu kuti mng'ono wawo aphunzire. Tsopano nyamakazi idali itawapinda, ndipo chisanu cha ku Bembeke chikafika ankangobuula.

"Ena akutuma mafoni ndi nsapato," adatero a Esinati. "Ine zimenezo ayi, mng'ono wanga. Ndimamva kuti nkhosa za kumeneko n'zaubweya wambiri. Ukandipezereko kabulangete koti mafupawa amveko kutentha."

"Achemwali, ngakhale ndibwere wopanda nsapato, bulangete lanulo ndibwera nalo," adalonjeza a Nangozo.

Atafika ku Mangalande, Mwatitha adawakhazika pa tebulo n'kutambasula pepala la ulendo. Pa doko lililonse padali maulendo a kumtunda oti munthu asankhe, uliwonse ndi mtengo wake: kukwera phiri, kuona mathithi, kuzungulira mzinda. Iwo adagwirizana kulipira umodzi wokha, wa pa doko lotsiriza, wopita ku mtsinje woundana. M'madoko enawo adati azingoyenda okha wapansi. Mwatitha sakadatha kupita nawo chifukwa cha ntchito, choncho adapatsa mayi ake khadi la ndalama.

"Izi n'zanu, amayi. Mugule chimene mtima wafuna. Koma muziyang'ana nthawi. Kuno galimoto sidikira munthu ngati minibasi ya kwathu."

Sitimayo idali yaikulu kuposa tchalitchi cha kwawo, ya nyumba zosanjikizana zoposa khumi. Nyanja inkalowa pakati pa mapiri aatali, sitima n'kumaitsatira ngati ikuyenda m'khwalala. A Nangozo ankagwira amuna awo pa mkono n'kumawauza zimene zidali kutali: "Apo pali kanyumba kofiira pathanthwe penipeni. Kaya amatunga kuti madzi anthu amenewa." Aphunzitsi ankamwetulira, nkhope ataloza kumene kwalozedwako.

Pa doko loyamba adalowa m'sitolo ndipo adalipeza bulangete, lolemera, lofewa ngati mwana wa nkhosa. Atamva mtengo wake, a Nangozo adalibweza pamalo pake msangamsanga ngati lawatentha.

"Ameneyu ndi feteleza wa munda wonse!" adanong'ona.

"Gulani, a Nangozo. Ndalamazo mwana wakupatsirani zomwezo."

"Iyayi, a Chisale," adayankha, powatchula amuna awo ndi mfunda wawo monga ankachitira nthawi zonse. "Munthu sagula nkhuku kwa wogulitsa woyamba. Kutsogoloku zitsika."

Pa doko lachiwiri mtengo udali womwewo. Pa lachitatu udakwerako. A Nangozo sadali munthu woumira. Adali mayi amene moyo wake wonse adaphunzira kuti ndalama imatuluka ndi thukuta, ndipo zinkawawawa kumwaza thukuta la mwana wawo. Motero adafika pa doko lotsiriza manja ali lende.

Kadali katauni kakang'ono kumapeto kwa mpata wa nyanja, mitambo italendewera pa mapiri. Pa chakudya cha m'mawa aphunzitsi adapempha akazi awo kuti awawerengere pepala la tsikulo. Basi yopita ku mtsinje woundana inkanyamuka teni koloko, n'kubwerako hafu pasiti fili, molunjika ku sitima, yomwe inkachoka folo koloko. Sitolo ya zaubweya inkatsegulidwa hafu pasiti naini, ndipo idali kumtunda kwa tauniyo.

Aphunzitsi adati, "Apa pafunika kusankha. Mukafuna bulangete, tsalani mugule modekha. Ine ndipempha mtsikana wotsogolera alendo a m'basimo andigwire dzanja. Mukafuna kupita nane, tiyeni, ndipo alamu anga tikawauza zoona. Mwatitha adzawatumizira lina."

"Ndikusiyeni mugwidwe dzanja ndi mlendo ine ndilipo? Nanga akakuuzani ndani mmene ukuonekera mtsinjewo? Mzungu adziwa bwanji mawu amene inu mumamva?"

"Ndiye tiyeni."

"Nanga achemwali? Ndidalonjeza ndi pakamwa pangapa. La Mwatitha lidzakhala la Mwatitha." Adamanga mpango wawo mwamphamvu. "Mphindi makumi atatu n'zambiri. Inu kakhaleni m'basi, mundisungire mpando. Ndichita zonse ziwiri."

Adakwera chitunda chija mwachangu, koma atafika adapeza kuti si iwo okha amene adasunga zogula mpaka tsiku lotsiriza. Sitolo idali yodzaza ndi anthu a m'sitima momwemo. Adasankha bulangete lotuwa la mizere yofiira, n'kuima pa mzere. Patsogolo pawo padali anthu asanu ndi atatu, ndipo wogulitsa adali mmodzi, wokulunga katundu aliyense mosamala ngati akumanga mphatso ya ukwati.

Wotchi ya pakhoma idati kwatsala mphindi khumi ndi zisanu. A Nangozo adaganiza za amuna awo atakhala okha m'basi, dzanja lili pa mpando wopanda munthu. Adaika bulangete pa shelefu n'kutuluka.

Kunja mvula idali itayamba, yozizira ngati singano. Atatsika pang'ono, nkhope ya achemwali awo idawabwerera. Adaima. "Pajatu patsogolo panga panatsala anthu atatu okha," adadziuza. "Ndingabwerere chimanjamanja chifukwa cha anthu atatu?" Adatembenuka n'kuthamangira ku sitolo kuja. Koma malo awo pa mzere adali atatsekeka, ndipo kumbuyo kudali kutawonjezekera ena. Adatola bulangete lija, adaima nalo, n'kuyang'ana wotchi. Kudatsala mphindi zinayi. Adaliponyanso pansi n'kuliyatsa liwiro, mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi mphambu, chitenje chikukwapula m'miyendo, madzi akulowa m'nsapato.

Pamene ankafika pa doko, basi padalibe. Padali munthu mmodzi yekha, ataima pa mvula, chipewa chikudontha.

"A Chisale! Bwanji simunapite?"

"Anakudikirani mphindi zisanu," adayankha aphunzitsi mofatsa. "Mtsikana uja anandipempha kuti ndipite nawo. Koma ndikanaona chiyani kumeneko, mtima uli kuno? Ndimati mwina mwasochera, mwina mwagwa."

Pafupi pomwepo padali takisi. A Nangozo adathamangirako, ndipo m'Chingerezi chawo chochepa adafunsa woyendetsa ngati angaipeze basiyo. Munthuyo adati ayesa, koma adatchula mtengo umene udali pafupifupi zonse za m'khadi lija.

"A Nangozo, zimenezo n'za alamu anga," adatero aphunzitsi.

"Mabulangete adzakhalapo chaka chamawa. Maso anu ndiwo sadzabwereranso kuno. Kwerani."

Adayenda ola lathunthu m'misewu yokhotakhota. Msewu udathera pa kanyanja kakang'ono ka madzi otuwa ngati osakaniza ndi mkaka. Basi ija idali itaima pamenepo, yopanda anthu. Kuti munthu aone mtsinje woundana ankayenera kuwoloka pa boti n'kuzungulira phiri, ndipo botilo lidali kale pakati pa madzi, likulowa m'chifunga. Lina lopita ndi kubwerako nthawi ya sitima isadakwane padalibe.

A Nangozo adakhala pansi pa kakhumbi kodikirirapo n'kuyamba kulira, kulira kwenikweni kwa mayi wamkulu, kopanda phokoso. Zovala zidali zitawamatirira m'thupi.

"Ndakulandani mtsinje wanu. Ndawalanda achemwali bulangete lawo. Ndalama za mwana ndamwaza mu msewu. Ndatsala ndi chiyani ine?"

Aphunzitsi adafunsa woyendetsa takisi uja kumene madzi a kanyanjako amachokera, ndipo iye adati ndi omwewo osungunuka ku mtsinje woundana, kuseri kwa phirilo. Pamenepo adapempha akazi awo kuti awatsogolere m'mphepete. Adagwada movutikira pa miyala, adapinda mkono wa jekete, n'kuviika dzanja lonse m'madzimo. Adalisiya momwemo mpaka zala zidachita dzanzi.

"Ndiye ulipodi," adatero pang'onopang'ono. "Ana aja sindidawanamize."

Atabwerera pa kakhumbi paja, adawagwira akazi awo dzanja ndi dzanja lawo lozizira lija.

"Pukutani misozi, a Nangozo. Simunachite zimenezi chifukwa cha dyera. Mumatikonda tonse awiri, ine ndi alamu anga, ndipo simunafune kuti wina achepekedwe. Koma taganizani za munthu amene mvula yamupeza m'phiri, uku kuli phanga, uko kuli phanga. Athamangira ili, ali pakhomo akumbuka kuti lija n'lalikulu. Abwerera, ali m'njira aganiza kuti loyamba lija linali pafupi. Mapanga onsewo ndi abwino, onsewo ndi ouma. Wonyowa ndi iyeyo." Adafinya mpango wa akazi awo, madzi n'kuchucha. "Taonani mmene mwavumbwiramu. Mapanga awiri avumbwitsa."

A Nangozo adaseka m'kati mwa misozi, chifukwa adaona kuti amuna awo nawonso adali chinyowere ngati nkhuku yogwera m'chitsime. Adadikira gulu la pa boti lija, ndipo adabwerera nalo pa basi, akumva anzawo akusimba za ayezi wobiriwira ngati thambo. A Nangozo ankangoyang'ana pansi. Aphunzitsi ndiwo ankafunsa mafunso, mofuna kumva chilichonse.

Atafika kwawo ku Bembeke, a Nangozo adapita kwa achemwali awo n'kufotokoza zonse, osabisa kanthu. A Esinati adamvetsera mpaka kumapeto, kenaka adaseka mpaka kutsokomola.

"Iweyo kuthamanga? Ndi miyendo imeneyi? Ha, chimenecho ndiye ndikadakonda kuona kuposa bulangete!"

Komabe a Nangozo adakagula ulusi wa ubweya ku Dedza, ndipo adaluka mwezi wonse wa Meyi mpaka bulangete lidatha chisanu chisadafike. Chaka chotsatira maso a aphunzitsi adatsekeka ndithu. Sadawadzudzulepo akazi awo ngakhale tsiku limodzi, koma a Nangozo chidawakhala mumtima moyo wawo wonse. N'chifukwa chake mdzukulu akabwera kwa iwo ali ndi mitima iwiri, uku akufuna sukulu uku akufuna geni, kapena walonjeza kukathandiza anthu awiri tsiku limodzi, ankamukhazika pansi n'kumuuza nkhani imeneyi, mawu a amuna awo aja n'kukhala mathero ake.

Mapanga awiri avumbwitsa. Phanga ndi malo obisalamo mvula m'phiri, ndipo kuvumbwa ndiko kunyowa ndi mvula. Mwambiwu umatiuza kuti munthu wofuna kugwira zinthu ziwiri pa nthawi imene ikukwanira chimodzi, kawirikawiri amataya zonse. Musaganize kuti umanena za anthu adyera okha. Nthawi zambiri umagwera anthu a mtima wabwino, amene amaopa kukhumudwitsa uyu ndi uyo, n'kulephera kunena kuti, "Lero ndichita ichi, icho chidikire." Kusankha kumawawa, chifukwa chimene wasiyacho nachonso n'chabwino. Koma mvula ikayamba, ana inu, lowani m'phanga limodzi, mukhale momwemo mpaka ikate. Linalo mudzalipeza kukacha.