Paipi Yothothoka M'kati mwa Khoma

Panali mayi wina ku Namiwawa amene anagula makina oumitsira zovala. Tsiku lomwelo anadula chingwe choyanikira pabwalo pake, nachiponya kudzala. "Zoyanika panja tinazisiya kale," ankatero pamaso pa anansi.

Makinawo ankatulutsa mpweya wotentha, wachinyezi, kudzera m'paipi yolowa m'khoma mpaka panja. Koma mayiyu ankakonda kuwakoka kuti alendo awaone bwino, n'kuwakankhiranso kukhoma. Kokani, kankhani, paipi ija inathothoka polumikizira, m'kati mwenimweni mwa khoma. Mpweya unasiya kutuluka panja. Unkangothera m'njerwa.

Penti atayamba kufufuma, anaitana mmisiri. Iye anagogoda khomalo ndi chala, nanunkhiza.

"Mayi, apa pafunika kugumula pang'ono, tilumikize paipi, timatenso. Ntchito ya theka la tsiku."

"Kugumula? Kuti mzere wonse uno umve hamala, udziwe kuti makina anga avuta? Bambo, pakani penti basi."

"Penti saumitsa khoma, mayi."

"Ndakuitanirani ulaliki?"

Mmisiri anapaka penti, nanyamuka.

Kuseri kwa khomalo kunali kabati ya zovala, ndipo m'menemo munali diresi la ukwati la mwana wa mlamu wake. Mlamuyo ankakhala m'nyumba yodontha, ndipo mayi uja ndiye anachita kuumirira: "Bweretsani kwathu, mlamu. Kwathu kulibe chinyezi."

Dzinja lonse makina ankalira, khoma likumwa.

Kutatsala masiku atatu kuti ukwati uchitike, mlamu anabwera ndi mwana wake kudzatenga diresi. Atatsegula kabati, fungo la chuku linawalandira. Diresi loyera lija linali mathothomathotho akuda, kuyambira paphewa mpaka m'chiuno.

Mtsikana sanalire. Anangoligwira, maso pansi. Mlamu analankhula motsitsa mawu: "Nanga si nyengo yamvula, mlamu. Si mlandu wanu."

Mawu amenewo anamulasa mayi uja kuposa chipongwe. Akanatha kungogwedeza mutu, nkhani n'kuthera pa mvula. Koma sanatero.

"Si mvula, mlamu. Ndine. Anandichenjeza, ndinakana."

Anakatenga hamala ya amuna ake, natsegula mazenera onse, nayamba kugumula yekha. Mzere wonse unamva. Pulasitala ankagwa wofewa ngati chinangwa choviika. Paipi inaonekera ili yasa, itadzaza timaulusi tonyowa. Anatumiza mawu kwa mmisiri uja, amene anabwera, nalumikiza, namanga bwino polumikizirapo.

Diresi lija mayiyo analichapa ndi mandimu ndi mchere. Linkafunika dzuwa, koma pabwalo panalibe chingwe. Analinyamula m'beseni mpaka kwa mmodzi wa anansi aja, amene iye ankamuseka chifukwa choyanika panja.

"Odi, anzanga. Ndibwerekeniko chingwe chanu."

"Yanikani, mayi. Dzuwa ndi la tonse."

Mathotho ambiri anachoka. Limodzi linatsala kumsana, ndipo nsalu yakumutu ya mkwatibwi inalibisa. M'tchalitchi palibe analiona. Mayi uja yekha, ali mu mzere wa achibale, ankaliona mpaka pemphero lomaliza.

Amayi anzanga, ine ndalowa m'nyumba zambiri zamatailosi, yanganso si yochepa, ndiye ndikudziwa chimene ndikunena. Chothothoka m'kati sichilumikizika ndi penti. Mukaopa kuti anansi amva hamala, chinyezi chidzafika pa chinthu cha amene anakukhulupirirani. Gumulani lero, chowonongeka chikadali khoma lanu lokha.