Njinga Yodziwa Kutsika Kokha

Inalipo nthawi, osati kale la makolo ayi, pakuti njinga zamoto zinali zitafika kale kutchire, pamene Gologolo ankadyera kabaza pasiteji ya m'tsinde mwa phiri la Chikuse. Chaka chimenecho njala inamanga msasa pakhomo pake. Sikuti okwera anasowa, koma maso a okwera mumawadziwa inu, amathamangira chonyezimira. Njinga ya Gologolo inali yakalekale, yomusiyira malemu malume ake, utoto wosuluka, chishalo chomanga ndi mphira. Koma injini yake, abale, inkakwera Chikuse itasenza matumba atatu a chimanga osatsokomola n'kamodzi komwe.

Amene ankaidziwa bwino injiniyo anali Nguluwe, tcheya wa pasitejipo, wakuba ndi maso ali gwa, woumira kuposa mwala wa mphero. Tsiku lina anatulukira ndi njinga yatsopano yofiira kuti psu, magalasi ali waliwali, namuitana Gologolo pambali. Anati akumumvera chisoni, mwana wa mnzake kumangowawuka ndi dzuwa pasiteji ana akugona ndi njala. Anati iye wakula, njinga yothamanga sakuifunanso, choncho angosinthana, mutu kwa mutu, popanda choonjezera.

Gologolo anaganiza masiku atatu. Mkazi wake Nachisale anakana kwamtuwagalu. Anamufunsa kuti ndi liti Nguluwe anapatsako munthu ngakhale khoko la chinangwa. Gologolo ankati akayang'ana njinga ya malume, mtima unkati ayi. Akaona okwera akumudutsa ngati chitsa, mtima womwewo unkati inde. Pamapeto pake maso anapambana khutu.

Tsono pasiteji ya Chikuse panali malamulo awiri. Loyamba linali lakuti woyesa njinga ya mnzake athire petulo wakewake. Lachiwiri linali lakuti osinthana akamwera thobwa chipanda chimodzi pamaso pa a Njati, amene anali nkhalakale yoweruza milandu pasitejipo, nkhani yatha, palibenso kubwera ndi misozi. Gologolo anathira petulo wake, njinga inalira bwinobwino, thobwa anamwa.

Inayenda masiku awiri okha. Lachitatu inatulutsa utsi wakuda bii, n'kuti zii pakati pa msewu. Makaniko Nungu atatsegula injini anapukusa mutu. M'kati monse munali matope. Njingayo inagonapo mumtsinje nthawi ya madzi osefukira, ndipo Nguluwe anangoitsuka kunja, n'kuthiramo oyilo wolimba kuti ibise matenda ake. Nungu ananeneratu kuti imeneyo sidzaliranso mpaka kalekale.

Gologolo anapita kukadandaula. Nguluwe anaseka chikhakhali mpaka minyanga yonse kuonekera, siteji yonse ikumva.

"Maso unali nawo, mphwanga. Thobwa unamwa wekha, palibe anakutsina pakhosi."

Gologolo anapsa mtima moti mchira unkanjenjemera wokha. Atafika kunyumba anapepesa mkazi wake, kenako analumbira pali malume ake kuti njingayo ibwerera, ndipo Nguluwe adzachita kuipempha yekha yakufayo ndi pakamwa pake.

Panali chinthu chimodzi chimene Nguluwe sankachidziwa. Malume aja, poopa akuba, anabisa kawaya pansi pa chishalo, pakampata koti chala cha gologolo chokha n'chimene chingalowe. Ukakasuntha kawayako, njinga siilira ngakhale uiponde mpaka mawa.

M'mawa mwake Gologolo anafika pasiteji nkhope ili yachisoni, napempha kuti angoisisitako njinga ya malume ake. Nguluwe analola, poti kuona mnzake akuvutika kunkamukomera ngati uchi. Gologolo anasisita chishalo, chala n'kulowa, n'kutuluka. Posakhalitsa kunabwera Mbawala, akufulumira kusikelo ndi mwana kumbuyo. Nguluwe anaponda kiki. Tche! Anapondanso. Tche-tche! Anaponda mpaka thukuta lili kamukamu, Mbawala n'kutsika kukakwera ina. Gologolo anayandikira mwaulemu, nanena kuti njingayo inazolowera kunyengereredwa. Anaisisita, kuinong'oneza, kuponda kamodzi, ndipo inalira.

Tsiku lotsatira zinachitikanso chimodzimodzi, wokwera wake Nthiwatiwa. Linalo anali Ngoma ndi dengu la tomato. Mbiri inawanda kuti njinga ya atcheya imakana mwini wake. Nguluwe anayamba kumukayikira Gologolo, namuletsa kuikhudza. Gologolo anangoti chabwino, koma n'kuti atasuntha kale kawaya, ndipo njingayo inakhala chiimire masiku anayi. Nguluwe anasintha pulagi, anatsuka thanki, anaitukwana, osaphula kanthu.

Apa m'pamene Gologolo anayamba chenjerero lachiwiri. Akabaza onse a ku Chikuse ali ndi chizolowezi chimodzi: potsika phiri amazimitsa injini kuti asunge petulo, njinga n'kumangotsetsereka yokha mwakachetechete. Ndiye njinga yamoyo ndi yakufa, potsika phiri, ungazisiyanitse bwanji? Gologolo anaipukuta yofiira ija mpaka kuwala. M'mamawa iye ndi Nachisale ankaikankha kudzera kanjira ka m'mabulugamu mpaka pamwamba, akupumira m'mwamba, mayiyo akung'ung'udza njira yonse. Akafika, Nachisale ankafunda chitenje kumutu n'kukhala kumbuyo ngati wokwera. Kenako fyuu, kutsika, kudutsa pasiteji hutala ikulira, n'kukakhotera kuseri kwa chigayo. Mawa lake chitenje china, duku lina. Siteji yonse inkaona Gologolo akunyamula amayi osiyanasiyana tsiku ndi tsiku.

Nguluwe zinamudya mutu. Anamufunsa Gologolo kuti njinga ija yadzuka bwanji. Gologolo anayankha mosalabadira kuti kanali kadothi pang'ono chabe, ndipo anathokoza atcheya chifukwa cha mtima wawo wabwino. Anawonjezera kuti njinga zatsopanozi petulo zimangonunkhiza, moti iye anaiwala tsiku limene anathira komaliza. Pamenepo sananame.

Mawu a petulowo anamulasa Nguluwe pamtima penipeni. Madzulo ake ananena mozungulira kuti mwina n'kwabwino mwana asunge chuma cha malume ake. Gologolo anakana, nati thobwa linamwedwa kale. Mawa lake Nguluwe anabweranso, ulendo uno akumutchula kuti achimwene. Gologolo anakananso. Tsiku lachitatu Nguluwe anamugwira mkono pamaso pa a Njati ndi siteji yonse.

"Achimwene, ndikupempha ndine. Tisinthanenso. Tengani njinga ya malume anu."

"Mukupempha ndinu, atcheya? Nenaninso, a Njati makutu anayamba kuvuta."

Nguluwe ananenanso, mokweza. Gologolo anapumira m'mwamba ngati akutaya chinthu chachikulu, navomera, koma anati atcheya ayiyese kaye kuti mawa pasadzakhale mawu. Anati njingayo waisiya pamwamba pa phiri, ndipo thanki ndi youma, choncho atcheya atenge petulo wawo monga mwa lamulo.

Nguluwe atamva za petulo wake nkhope inachita tsinya. Anakwera phiri wapansi, botolo lili m'manja, ndipo atafika pamwamba analiyang'ana botololo, n'kuyang'ana msewu wotsetsereka. Athirirenji petulo pomwe phiri likuyendetsa ulele? Analowetsa botolo m'thumba, nakhala pachishalo, n'kudzikankha ndi mwendo. Njinga inatsika myaa, mphepo ikumuwomba m'makutu, mabuleki akugwira bwino, magalasi akuwala. Anafika pasiteji mano onse ali pamtunda, akuitanitsa thobwa asanatsike n'komwe.

A Njati anamufunsa kawiri ngati wakhutira. Anati wakhutira. Gologolo naye anamufunsa ngati sakufuna kuiliza kaye injini. Nguluwe anati iye si mwana, njinga amaidziwa ndi matako. Chipanda chinazungulira, onse awiri anamwa.

Asanapukute n'komwe milomo, kunatulukira Mayi Mvuu atatchena, akupita kuchinkhoswe cha mwana wa mchemwali wawo pamwamba pa Chikuse. Nguluwe anakankha anzake onse, nati wokwera wotere ndi wa tcheya. Anathira petulo uja tsopano, Mayi Mvuu anakhala, njinga n'kuti nyomi. Anaponda kiki. Tche! Anapondanso. Tche-tche-tche! Anaponda mpaka nsapato inavuka, m'paipi n'kutuluka kadothi kouma.

Gologolo anapita pa njinga ya malume ake, naisisita pachishalo monga mwa masiku onse, n'kuponda kamodzi. Inabangula moti mbalame zinabalalika mumtengo. Mayi Mvuu sanadikire kuuzidwa, anasamuka okha.

Nguluwe anazindikira zonse nthawi imodzi. Analumpha kuti amukhadzule, koma a Njati anangoima pakati, nyanga zili njo, namukumbutsa kuti anapempha yekha, kawiri, aliyense akumva. Gologolo anazungulira siteji kamodzi pang'onopang'ono, Mayi Mvuu ali kumbuyo, naima pafupi ndi mphuno ya Nguluwe.

"Maso munali nawo, atcheya. Thobwa mwamwa nokha. Koma musadandaule, njingayo kutsika imatha kwambiri. Mukapeza wofuna kupita kumunsi kokhakokha, osabwerako, ndi wanu ameneyo."

Anaika giya, nakwera phiri akuseka mpaka misozi, utsi wonse n'kumusiyira Nguluwe kumaso. Tsiku limenelo kwa Nachisale kunanunkhira nyemba zothira mafuta, ndipo mayiyo anamuuza mwamuna wake kuti akadzangoyang'ananso chinthu chofiira, phiri adzakankha yekha.

Nguluwe utcheya unamuthera pomwepo, pakuti ndani angamvere tcheya woyenda pansi? Mpaka lero mukamupeza akufukula matope kudambo, musamufunse za njinga. Ndipo mukamva gologolo mumtengo akuti tche-tche-tche, mchira ukugwedezeka, dziwani kuti pansipo padutsa nguluwe, ndipo gologoloyo akumukumbutsa kaliridwe ka njinga yake.

Yanga yazimira pomwepa, ndipo sindiipondanso.