Foni ya Hafu Pasiti Faifi

Lachinayi pa 14 Malichi, nthawi ili hafu pasiti faifi madzulo, foni inalira m'nyumba ya bambo wokonza mawotchi, koma palibe anaiyankha. Eni ake anali ali thapsa pansi, pakati pa tebulo logwirirapo ntchito ndi chitseko, mbali yakumanja ya thupi lawo itafa. Amene anawapeza ndi mlongo wawo, Loweruka m'mawa, atabwera kudzabweza ayironi. Anali akupumabe.

Bamboyo anali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, amene ankayang'anira atelala makumi anayi pa fakitale yosoka mayunifolomu, mu mzinda wina, ulendo wa maola asanu ndi limodzi pa basi. Chimwalirireni amayi ake, bambo ankamuimbira madzulo alionse, nthawi yomwe iye ankakhala akuwerenga makolala ndi kukalipira amene asoka manja a malaya mokhota. Nkhani zawo zinali zomwezomwezo: wotchi ya mphunzitsi wina imene inkathamanga mphindi zitatu pa tsiku, sipuling'i yomwe inadumpha n'kukagwera m'kapu ya tiyi, mitengo ya mabatire. Ankawakonda bambo ake, pamenepo panalibe chinyengo, kungoti khutu linali litatopa.

Mnzake wa muofesi ndi amene anamuonetsa pulogalamu ina ya pafoni. Umaiwerengera ndime kwa mphindi zitatu, iyo n'kuphunzira mawu ako mpaka kasekedwe. Ukatero imaimbira munthu amene wasankha, n'kucheza naye ngati ndiwe, kenako n'kukutumizira lipoti la zimene akambirana. Pa 6 Novembala, pa nthawi yopuma masana, mwana wamkaziyo anaiwerengera ndime yake, n'kulembamo dzina la malemu amayi ake, mankhwala a bambo, ndi mawu amene iye amakonda kunena. Anaiuzanso kuti iziimba hafu pasiti faifi tsiku lililonse, bambo asanaimbe okha. Pomaliza pulogalamu inafunsa ngati bambo auzidwe kuti akulankhula ndi makina. Chala chinaima m'malere kanthawi, kenako chinadina pa Ayi. Anadziuza kuti n'zongoyembekezera, mpaka oda ya mayunifolomu a masukulu ithe.

Oda inatha, inabwera ya alonda. Mwezi woyamba ankawerenga lipoti lililonse, mtima n'kukhala m'malo. Mwezi wachiwiri ankangoona mzere woyamba. Kuyambira pa 9 Januwale sanatsegulenso ngakhale limodzi, ndipo anazimitsa kabelu kodziwitsa kuti lipoti lafika chifukwa kankamusokoneza pamisonkhano.

Kumapeto kwa mwezi womwewo azakhali ake, mlongo wa bambo uja, anamuimbira kumuuza kuti abwere adzawaone bambo ake, chifukwa nkhope yawo sinali kuwasangalatsa. Iye anayankha kuti amalankhula nawo tsiku ndi tsiku ndipo ali bwinobwino. Azakhali anati foni ilibe maso. Iye analonjeza kubwera mwezi wamawa, ndipo mwezi wamawawo unamupeza ali pakati pa mipukutu ya nsalu.

Anafika kuchipatala Loweruka lija dzuwa litapendeka. Dokotala anamufunsa ngati bambo anadandaulapo za dzanzi kapena chizungulire masiku apitawo, popeza matenda ofa ziwalo nthawi zina amagogoda asanalowe. Iye anati sanadandaulepo. Atangotero anazindikira kuti wayankha za munthu amene sanalankhule naye miyezi inayi.

Anakakhala pa benchi ya m'khonde n'kutsegula malipoti. La pa 11 Malichi linati bambo akumva dzanzi m'dzanja lamanja, agwetsa kachitsulo komasulira kawiri, alangizidwa kukaonana ndi dokotala, ndipo ndi bwino mwana wawo awaimbire yekha. La pa 12 ndi la pa 13 ananena zomwezo, ndi zilembo zofiira. La pa 14 linati sanayankhe. La pa 15 linati sanayankhenso, ayesedwanso mawa.

Pansi pa lipoti lililonse panali mawu ojambulidwa. Macheza onse analipo 129. Anaika foni kukhutu n'kuyambira kumayambiriro, akumva mawu ake omwe akuseka nthabwala zimene iye sanazimvepo. Atafika pa 20 Novembala, patangotha masabata awiri chiyambireni, anamva bambo ake akutsokomola pang'ono monga ankachitira akafuna kunena zenizeni.

"Iwe, kaya ndiwe ndani, tamvera. Mwana wanga chibadwire sanasungepo nthawi. Kubadwa komwe anachedwa ndi masabata awiri. Iwe umaimba muvi wa masekondi uli pa thwelofu ndendende, ndakhala ndikukuyeza. Ndiponso wangayo amandidula pakamwa, amati adadi munandiuza kale zimenezo. Iwe ya sipuling'i ndakuuza kanayi, ukungoseka ngati yatsopano."

"Ndine ndemwe, adadi," anayankha mawu ake aja, mokoma kuposa mmene iye mwini akanayankhira.

"Chabwino. Ukamuona umuuze kuti sindinakwiye. Ndidikira."

Lipoti la tsiku limenelo analikumbukira, chifukwa analiwerenga ali pa basi yakuntchito n'kumwetulira. Linati bambo anali ansangala ndipo anachita nthabwala za kusunga nthawi.

Anadumpha masiku onse n'kukafika pa 13 Malichi. Mawu a bambo anali olemera, lilime likukoka. Makina anayambanso za dokotala, iwo n'kuwaletsa.

"Za dokotala wanena dzana, wanena dzulo. Ine ndikufuna ndione kaye ngati zimene ndimakuuza zimafika kwa mwini mawu. Akaimba yekha, ndipita."

Lolemba anaimbira a kampani ya pulogalamu ija mwaukali. Anamuyankha mwaulemu, ndipo sanathe kudziwa ngati akulankhula ndi munthu. Anamuuza kuti malipoti onse anatumizidwa pa nthawi yake, atatu mwa iwo ndi chenjezo, ndipo amene anasankha kuti bambo asauzidwe ndi iye mwini, pa 6 Novembala, nthawi ili 12:41 masana. Anamufunsanso ngati akufuna kuti kuimba kwa tsiku ndi tsiku kupitirire.

Azakhali atamva nkhani yonse sanakalipe. Anapitiriza kupukuta milomo ya mlongo wawo ndi kansalu konyowa, osatembenuka. "Ine anandiuza mwezi woyamba womwe," anatero. "Anandilumbiritsa kuti ndisakuchititse manyazi. Amati mwanayo ndi wotanganidwa, tsiku lina adzachedwa kuimba, pamenepo ndidzadziwa kuti wabwera yekha."

Bambo sanalankhulenso, koma dokotala anati kumva akumva. Dzanja lamanzere linali lamoyo. Namwino akawafunsa ngati akufuna madzi, ankafinya kamodzi. Azakhali akawatchula, ankafinya kawiri. Mwana wawo atawagwira dzanja mwakachetechete, zala zawo zinayenda pa zala zake, pa chipsera cha singano ya mashini chimene chili pa chala chake chachikulu, n'kumugwira mwamphamvu mpaka kumupweteka. Misozi inamutsika, ndipo anawerama pafupi ndi khutu lawo.

"Adadi, ndine. Ndabwera. Pepani."

Zala zija zinamasuka chimodzichimodzi, dzanja n'kubwerera pa bulangeti, maso n'kutsekeka.

Anayesanso mawa lake, ndi mkuja wake. Anayesa kunong'ona, anayesa kukweza mawu, anayesa kuwakumbutsa za wotchi ya mphunzitsi ija. Zinali chimodzimodzi: akakhala chete ankamugwira, akatsegula pakamwa ankamusiya. Dokotala anati sanganene ngati ubongo wovulalawo ukulephera kulumikiza mawu ndi dzanja, kapena ngati bambo akulumikiza bwinobwino ndipo akukana dala. Anati zonse ziwiri zimachitika.

Mwana wamkaziyo anali ataimika ubale wake ndi bambo ake pakona ngati mphasa, akuuona uli chilili n'kumati ulipo, osaufunyulula miyezi inayi yathunthu. Tsiku loti auyale anapeza kunja kuli kosalala, m'kati muli dothi lokhalokha. Akuluakulu sananame: chiswe chimalowa m'mphasa yongoimika.

Pa 2 Epulo anawatulutsa m'chipatala bambowo n'kupita nawo kwa mlongo wawo. Mwana wawo anatenga tchuthi cha mwezi umodzi. Amakhala pambali pa bedi kuyambira m'mawa, dzanja lake lili m'dzanja lawo, ndipo papita masiku khumi ndi limodzi asanayesenso kulankhula.