Sola Imodzi, Zipatala Zinayi

Panali munthu wina amene anayamba ntchito ya boma ali pa njinga yakapalasa. Anali mlangizi wa zaumoyo. Tsiku la sikelo ankamangirira bokosi la katemera pakaliyala, n'kulikutira ndi chiguduli chonyowa kuti dzuwa lisaliwombe. Akafika pamtsinje ankayamba wawolotsa bokosilo pamutu, njinga n'kuibwerera pambuyo. Ankadziwa kuti katemera akatenthedwa amangosanduka madzi. Chikuku ankachidziwanso, chifukwa chaka china chinalowa m'dera lake ndipo iye anakumba nawo timanda tinayi m'mwezi umodzi.

Anthu anamukonda, anamusankha kukhala khansala. Patapita zaka, makhansala anzake anamukweza kukhala meya wa tauniyo. Njinga ija anaipachika kudenga, nayamba kuyenda pa galimoto ya mbendera.

M'mphepete mwa tauniyo munali zipatala zazing'ono zinayi zopanda magetsi. Meya anaimirira pagulu n'kulonjeza kuti chisankho chisanafike, chilichonse chidzakhala ndi sola yake ndi filiji yosungiramo katemera. Mtima wake unalidi pomwepo. Koma sola inabwera imodzi yokha ndi filiji yake. Zitatu zinazo zinkangomveka kuti zili m'njira.

Imodziyo anaiika pa chipatala cha kutsidya kwa mtsinje. Amayi a kumeneko anaisamala ngati mwana. Anagawana masiku opukuta fumbi pa magalasi ake, poti anauzidwa kuti fumbi limachepetsa mphamvu. Lolemba linali la mayi wina dzina lake Nangozo, amene nthawiyo anali woyembekezera. Galasi lina linali ndi mng'alu pakona, wooneka ngati phazi la nkhuku, ndipo iye ankapukutapo pang'onopang'ono kuopa kuukulitsa.

Chisankho chitayandikira, meya anayamba kusowa mtendere. Mlembi wake anamunong'oneza kuti sola ya kutsidya ikhoza kubwerekedwa tsiku limodzi lokha, akatsegulire chipatala chachiwiri, atolankhani ajambule, mawa lake ibwerere. Meya anakumbukira chiguduli chonyowa chija. Kenaka anadziuza kuti tsiku limodzi silingaphe munthu, ndipo anavomera.

Lole inapita kutsidya. Anamasula magalasi, ananyamula mabatire ndi filiji, namwino n'kubweza katemera yense ku chipatala chachikulu. Mwambo wachiwiri unakoma, nyuzi zinalemba, alendo anamutcha meya wa mphamvu ya dzuwa. Dzinalo linamukomera. Tsiku limodzi linasanduka sabata, sabata inasanduka miyezi, ndipo lole itabweranso sinakhotere kutsidya. Inalunjika ku chipatala chachitatu, kuseri kwa phiri.

Nthawi imeneyo mwana wa Nangozo anali atakwana miyezi khumi ndi umodzi. Katemera wa chikuku anayenera kulandira ali ndi miyezi isanu ndi inayi, koma sikelo iliyonse ankauzidwa kuti abwere mwezi wamawa. Kwa aneba ake ana awiri anali atayamba kale kutuluka nsungu. Atamva pa wailesi kuti kuseri kwa phiri akutsegulira sola ndi filiji, anabereka mwana, natenga buku lake la kuchipatala, nayenda wapansi mpaka dzuwa kufika pamutu.

Anapeza ng'oma zikulira, amayi akuvina, meya ali pakhonde ndi lumo m'manja. Wojambula ankafuna mayi wa mwana kumbuyo woti aime pambali pa filiji, ndipo maso ake anagwera pa Nangozo, amene fumbi linali lisanachoke kumapazi. Anamukokera kutsogolo. Meya anamumwetulira monga ankamwetulira mayi aliyense, koma anaona kuti mayiyo sakuyang'ana iye. Ankayang'ana magalasi a sola amene anaimikidwa pafupi ndi khondelo.

"Bwana meya, galasi ili ndimalidziwa," anatero mayiyo, mawu ali pansi. "Phazi la nkhukuli ndinkalipukuta ine Lolemba lililonse. Koma sindinabwerere zimenezo. Ndabwera ndi mwana, abayidwe."

Meya anatembenukira kwa namwino wa pachipatalapo, namwinoyo anayang'ana pansi. Katemera sanamuitanitse, poti anauzidwa kuti Lachisanu zonsezi zinyamulidwa kupita ku chipatala chachinayi. Mlembi anayesa kumukankhira mayiyo pambali, akumutcha mayi athu ndi kumulonjeza kuti akambirana mwambo ukatha. Koma Nangozo anali atagwira kale chitseko cha filiji. Anatsegula. Munali mabotolo a zoziziritsa kukhosi za alendo, atandandalikidwa bwino, akutuluka thukuta.

Mayiyo sanakalipe. Anatulutsa buku la mwana, natsegula tsamba la katemera, naliika pamwamba pa mabotolowo.

"Likhale momwemo lizizire," anatero. "Mwina filijiyi ingakumbukire ntchito yake."

Meya analiyang'ana tsambalo. Palibe munthu pamwambowo amene ankalidziwa kuposa iye. Masamba otere anadzazapo mazanamazana atakhala pansi pa mitengo, buku lili pabondo. Anaona mzere wa chikuku uli wosalembedwa, anaona tsiku lobadwa la mwana, ndipo mutu wake unawerengera wokha miyezi imene yadutsa. Galimoto yake inali pomwepo. Chipatala chachikulu sichinali kutali kwa munthu wa galimoto. Lole nayo inali pomwepo, ndipo mawu amodzi a meyayo akanaibweza kutsidya ndi sola tsiku lomwelo.

Koma wojambula anali atakweza kale kamera. Meya anatambasula dzanja, natseka chitseko cha filiji buku lili momwemo, nakodola oimba ng'oma kuti akweze. Kenaka anadula riboni, akumwetulira.

Nangozo anabwerera ndi mwana wake wosabayidwa. Chikuku chinawapeza mvula isanagwe. Mwanayo anachira, koma diso lake lakumanzere linachita ng'ala, ndipo mpaka lero akamayang'ana munthu amapendeketsa mutu. Chithunzi cha tsiku lija chinapachikidwa mu ofesi ya meya. Amene amachiona amayamikira kuti filiji ndi yoyera, mayi ndi mwana ali pambali, meya akusangalala.

Inu amene mukundimvera, munthu uyu sanali mbuli. Akanakhala wosadziwa tikanati aphunzitsidwe. Koma iyeyu anasenzapo bokosi pamutu pamtsinje, anakumbapo timanda, anawerenga tsamba lija mpaka pansi, ndipo anatsekabe chitseko. Choncho musamapumule poti amene ali pampando anachokera pakati pathu ndipo mavuto athu amawadziwa. Kudziwa kwake sikubaya mwana wanu. Akabwera ndi lumo ndi riboni, musafulumire kumanga nsalu m'chiuno kuti muvine. Yambani mwatsegula filiji muone zili m'katimo, ndipo Lolemba lotsatira mubwererenso mukaone ngati ikadalipo. Ndipo inu amene tsiku lina adzakupatseni mpando, mayi akadzakuikirani buku la mwana wake patsogolo, dziwani kuti dzanja limene lidzatseke kapena kusiya chitseko chotsegula ndi lanu, si la mlembi wanu ayi.