Galu Amene Ankaopa Munthu Wowerama

Panali munthu wina woumba njerwa, dzina lake Lufeyo, amene ankagwira ntchito yake kudambo, kumunsi kwa mudzi. Tsiku lina akuponda dothi anaona maso awiri akumusuzumira m'khomo la uvuni wakale. Anali galu wamkazi, woonda, nthiti zili pamtunda, khutu limodzi long'ambika. Mwini wake sankadziwika, koma zipsera zinkanena zokha kuti kumene anachokera sikunali kwabwino.

Lufeyo anamva chisoni. Ananyema chinangwa chimene anatenga kuti adye masana, nayandikira, nawerama kuti achiike pansi. Galu uja analira ngati wamenyedwa kale, n'kutulukira khomo la kuseli, kusiya fumbi lokha. Mawa lake zinali zomwezo, mkuja zomwezo. Amayi otunga madzi kudamboko anamupatsa galuyo dzina loti Liwiro, poti aliyense ankangomudziwa kumchira.

Masiku omwewo kunamveka kuti kumudzi wa kutsidya kwagwa chiwewe. Uthenga unafika woti mwezi wa mawa alangizi a ziweto adzabwera pabwalo la sukulu kudzabaya agalu katemera. Galu wobayidwa adzamupaka penti yofiira pamphumi, ndipo wopezeka alibe pentiyo adzaphedwa. Lufeyo atamva, mtima unamuwawa. Galu wosalola ngakhale chinangwa angafike bwanji pakati pa chikhamu cha anthu?

Mlamu wake anali ndi nzeru zake, monga alamu sasowa nzeru. Anati galuyo amutchere msampha, amutsekere m'kanyumba kamdima, azimuthirira tsabola m'chakudya, ndipo pakutha sabata adzakhala wolusa, mantha onse atatha. Lufeyo anathokoza malangizowo mwaulemu wonse, n'kuwasiya pomwepo.

Chimene chinamutsegula maso chinali chaching'ono. Akuweruka tsiku lina, galu wa pakhomo lina anamuuwa panjira. Mukudziwa zimene tonsefe timachita zikatere. Timawerama ngati tikutola mwala, ngakhale pamchenga popanda ndi kamwala komwe, galuyo n'kuthawa. Lufeyo anachita zomwezo asanaganize n'komwe. Ali chiweramire choncho, dzanja lili pansi, anazindikira, ndipo anaseka yekha panjirapo ngati wamisala. Masiku onsewa iye ankati akupereka chakudya, koma Liwiro ankaona munthu akutola mwala.

Kuyambira pamenepo anasintha. Nthawi ya chakudya ikakwana ankakhala pansi chapatali ndi uvuni uja, ataufulatira, n'kumadya. Ankaponya kachidutswa kumbuyo osacheuka, osaitana, osaimba mluzu. Akatha ankabwerera ku chikombole chake choumbira njerwa. Ndipotu ntchito ya woumba njerwa ndi kuwerama tsiku lonse. Galu uja ali m'khomo muja ankaona munthu akuwerama, n'kudzuka ndi matope, kuweramanso, n'kudzukanso ndi matope. Mwala sunabwere.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Poyamba chakudya chinkatha Lufeyo atapita kwawo. Kenako chinayamba kutha iye ali pomwepo, akumva kutafuna kumbuyo kwake. Panali masiku ena obwerera m'mbuyo, monga tsiku limene chikombole chinamupulumuka n'kugwera pa njerwa, galuyo osaonekanso mpaka dzuwa kulowa. Koma tsiku lina masana, atakhala monga mwa nthawi zonse, anamva kamphuno kozizira kakumukhudza pachigongono. Munthu wamkulu uja anafuna kudumpha ndi kukuwa kuti dambo lonse limve. Anangokhala duu, misozi ikutsika, chinangwa chili m'kamwa.

Komabe kuzolowera munthu mmodzi sikukanamupulumutsa Liwiro. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Choncho Lufeyo anapita kwa amayi otunga madzi aja, nawapempha kuti akamadutsa azitula ndowa zawo, azikhala pansi pang'ono, aziponya mitu ya usipa kumbuyo. Amayiwo anaseka mpaka kugwira nthiti. Mmodzi anafunsa kuti, "Kodi galuyu ndi apongozi athu, kuti tizimukhalira pansi?" Koma anakhala. Ndipo popeza amayi akakhala pansi nkhani sizisowa, pauvuni paja panasanduka pocheza, ena n'kumabwera ngakhale madzi ali odzaza kunyumba. Liwiro anayamba kuyendayenda kumbuyo kwawo, akununkhiza zitenje.

Mlamu uja naye anagonja. Anabweretsa galu wake wokalamba, waulesi, amene ngakhale nkhuku zinkamudyera m'mbale. Agalu awiriwo ananunkhizana, n'kugona pamthunzi umodzi. Chingwe nacho Lufeyo sanachithamangire. Anachisiya pansi pafupi ndi chakudya mpaka galuyo atasiya kuchiyang'ana, kenako n'kumuveka m'khosi, chili lende. Anayamba kuyenda naye mpaka pachitsime, tsiku lina mpaka pachigayo, kumene Liwiro anamva phokoso la injini n'kubisala m'miyendo ya mbuye wake, koma osathawa.

Tsiku la katemera linafika. Lufeyo anavala malaya ake a kutchalitchi, nauyamba ulendo, mlamu wake ndi amayi aja ali pambuyo. Njira yonse Liwiro anayenda bwino. Koma pabwalo la sukulu panali chipwirikiti. Agalu ankauwa, ena akukokedwa ndi mawaya, ena atanyamulidwa m'matumba, anthu akukalipirana pamzere. Atafika m'mphepete mwa bwalo, Liwiro anagona chafufumimba, nadzikodzera, thupi lonse likunjenjemera. Sanasunthenso.

Anadikira. Mzere unafupika, dzuwa linapendeka, ndipo alangizi aja anayamba kulongedza katundu wawo. Mlamu anati, "Alamu, kokani. Ndi pafupi apa. Anthuwa akachoka, galuyu wafa."

Zinali zoona. Panali pafupi, ndipo galuyo anali wopepuka. Lufeyo akanatha kumukhwekhwereza mpaka patebulo, n'kubayitsa. Koma ankadziwa kuti akatero, penti adzaipeza, galu n'kumutaya, chifukwa Liwiro sakanadzakhulupiriranso dzanja la munthu. Anaopa kwambiri, pakuti sankadziwa ngati alangiziwo angacheuke n'komwe. Komabe anamasula dzanja, chingwe chinagwa pansi. Kenako anakhala pafumbi ndi malaya ake a kutchalitchi, atamufulatira galu uja.

Amayi aja ataona, anakonza zitenje zawo n'kukhala nawo. Mlamu anang'ung'udza, koma anakhala. Tsono kwathu kuno munthu saimirira pamene akuluakulu akhala pansi. Odutsa anayesa kuti pali nkhani, navula zipewa, nakhala. Amene anali atabayitsa kale agalu awo anabwera kudzamva, nakhalanso. Posakhalitsa mbali yonse ya bwalo inali anthu okhala pansi, chete, ambiri osadziwa n'komwe chimene akhalira.

Mmodzi wa alangizi aja, mayi wachikulire, anabwera kudzafunsa monong'ona ngati kwagwa zovuta. Atamufotokozera, anaseka chamumtima mapewa akugwedezeka. Anabwerera kutebulo, natenga jakisoni ndi penti, nadzakhala pansi pambali pa Lufeyo, nayenso atafulatira. Anayamba kumufunsa za mvula ndi za njerwa, ngati anthu amene akumana pabasi.

Akucheza choncho, kunjenjemera kuja kunayamba kuchepa. Liwiro anakwawa pang'onopang'ono, naika mutu wake pamwendo pa Lufeyo. Lufeyo anamusisita pakhosi. Mayi uja anatambasula dzanja chapansipansi, akupitiriza nkhani ya mvula, ndipo singano inalowa n'kutuluka. Galuyo anangogwedeza khutu ngati wateredwa ndi ntchentche. Penti inapakidwa.

Amayi aja anagwira pakamwa kuti nthungululu zisatuluke. Anadzuka mmodzimmodzi, nayenda mpaka kuseli kwa makalasi, ndipo kumeneko ndi kumene anazimasula, mpaka ana a sukulu kutuluka kudzaona. Lufeyo anabwerera kwawo malaya ali fumbi lokhalokha, akuseka njira yonse. Liwiro anali pambali pake, pamphumi pali psuu, wamoyo.

Tsono inu amene mwamva fanizoli, ganizani za kunyumba kwanu. Mwina muli ndi mwana wamasiye amene amadzidzimuka mukamuitana, kapena mlongo amene anabwerako ku banja lankhanza ndipo salankhula. Mwamupatsa zabwino, iye wathawa, inu n'kumati ndi wosayamika. Sakuthawa inu ayi. Dzanja limene linamupweteka linayamba ndi kutambasuka ngati lanulo. Musamukoke, ngakhale mukumukokera kuchipulumutso. Khalani pansi pamene iye walekezera, itanani ena akhale nanu, ndipo mumulole abwere ndi miyendo yake.