Mphaka wa Kalipentala Wokalamba

Panali munthu wina, kalipentala, amene maso ake anayamba kuchita chidima. Mwana wake wa ku Zomba anati akakhale naye, ndipo lole ya katundu inali kubwera Loweruka. Koma mdzukulu wake kumeneko ankadwala mphumu, choncho mphaka wa kalipentalayo sakanapita nawo. Kumusiya sikukanathekanso, chifukwa amene ankadzalowa m'nyumbamo anali ndi agalu awiri olusa.

Mphakayo anali wa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo anali wamantha. Munthu akangoti odi, iye ankathawira kuseri kwa matabwa.

Lolemba kalipentala anamuika m'thumba kuti asaone njira, napita naye kwa mwini golosale.

"Amagwira makoswe ameneyu, madala?"

"Amagwira."

Sananame, koma za mantha sanatchule. Mwini golosale anatsekera mphakayo mosungira chimanga osamupatsa chakudya, kuti njala imukakamize kusaka. Lachitatu anabwera nalo thumba lija.

"Madala, uyu ndi amene akuopa makoswe. Wangoti phee kudenga, eniake akudya pansi."

Tsiku lomwelo kalipentala anapita naye kwa aphunzitsi, banja lokonda ziweto. Kumeneko anamupatsa mkaka ndi usipa. Ankamutulutsa kunsi kwa bedi, kumunyamula, kumusisita, kupatsirana. Lachinayi madzulo akazi a aphunzitsi anafika naye mphakayo, mkono uli wokandikakandika.

"Agogo, tamuchitira zonse. Sanalawe kanthu, ndipo taonani malipiro anga."

Apa mutu wa kalipentala unaima. Kwina anamumana, anabisala. Kwina anamupatsa zonse, anabisalanso. Anagwada poyang'ana kuseri kwa matabwa.

"Nanga iwe ukufuna chiyani?"

Anangoona maso awiri mumdima. Anayesa kukumbukira chimene iye mwini ankachita kuti nyamayi ikhale naye zaka zonsezi, koma sanapeze kanthu. Sankamunyamula. Ngakhale dzina sanamupatse.

Lachisanu kunabwera mayi wina woluka mphasa kudzatola zidutswa za matabwa zoti akasonkhere moto. Anakhala pansi mofulatira matabwawo, nayamba kumanga mtolo mwakachetechete. Patapita nthawi mphaka anatuluka. Ananunkhiza chitenje cha mayiyo, kenako anakhala kumbuyo kwake.

Kalipentala analankhula chapansipansi. "Mayi, musacheuke. Kodi simungasunge mphaka?"

"Ine, bambo? Ndilibe nthawi ya mphaka. Ndimakhala ndekha, tsiku lonse maso ali pa bango. Sindidzamuyang'ana n'komwe."

Apa kalipentala anakumbukira. Iyenso zaka zisanu ndi zinayi maso ake anali pa thabwa, mphaka ali kumbuyo.

"Ndiye mumutenge," anatero. Ulendo uno sanabise kanthu. "Ndi wamantha. Amakanda. Mwina simudzamuona akugwira khoswe. Muzingomuikira mbale pakona, basi."

"Akathawa musadzandifunse."

"Sindidzakufunsani."

Loweruka lole inabwera, kalipentala ananyamuka asakudziwa ngati wachita bwino.

Kwa mayi uja mphaka anabisala kuseri kwa mitolo ya bango masiku khumi ndi limodzi. Mayiyo ankaika mbale, n'kubwerera pa ntchito yake. Masiku awiri oyamba chakudya chinauma m'mbalemo. Tsiku lakhumi ndi chiwiri, ali kuluka, anamva kanthu kofunda katsamira msana wake. Anapitiriza kuluka.

Mphakayo sanasanduke wolimba mtima. Alendo a pakhomopo sanamuonepo mpaka anafa. Koma sanathawe.

Inu amene mwalandira munthu m'nyumba mwanu, kaya ndi mwana wamasiye, kaya mtengwa, kaya kholo lanu lokalamba limene lasiya khomo lake: mwina wangoti duu m'chipinda, ndipo mwasowa chochita. Musafulumire kumuyesa kuti muone phindu lake. Musamupanikizenso ndi chikondi chofuna kuyankhidwa lero lomwe. Muikireni chakudya, musapite kutali, gwirani ntchito yanu. Ndipo tsiku limene adzatuluke n'kukhala pafupi nanu, musaitane anthu kuti adzaone.